Alekeni Owonera Aimitse Sewero

Galimoto yoyera ya bungwe imafika pamsika cha m'ma 2 koloko masana, fumbi lili koboo. Anyamata amatsitsa masipika, jenereta imayamba kulira, nyimbo imaphulika, ndipo pasanathe theka la ola ana, amayi ochokera kuchigayo ndi anyamata a kabaza azungulira bwalo. Mfumu aikhazika pampando wa pulasitiki kutsogolo. Kenaka sewero liyamba. Bambo woledzera, wovala jekete long'ambika, pilo ali m'mimba, akufuna kukwatitsa mwana wake wa Sitandade 7 kwa mkulu wa golosale. Anthu aseka mpaka kugwira nthiti. Mwana alira. Pomaliza patulukira munthu wotchena, fayilo ili m'khwapa, n'kufotokoza kuti malamulo a dziko lino salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Bambo uja agwada, alapa, alonjeza kuti mwana abwerera kusukulu Lolemba. Woyendetsa mwambo atenga maikolofoni n'kufunsa kuti, “Taphunzirapo chiyani?” Mayi mmodzi ayankha zimene aliyense akudziwa kuti ndizo zikufunidwa, alandira tisheti, chithunzi chijambulidwa, ndipo dzuwa lisanalowe galimoto yabwerera kutauni.

Masewero otere ndawaonera kambirimbiri, ndipo amene amawachita sindiwanyoza. Ambiri ndi achinyamata aluso, amagwira ntchito padzuwa lowawa, malipiro ake osakwana n'thumba la feteleza lomwe. Chimene chimandiwawa ndi china. Pakati pa anthu amene azungulira bwalo lija pamakhala bambo amene wakwatitsadi mwana wake mwezi wathawo. Iyeyo si chidakwa. Ndi mkulu wa mpingo mwinanso, ali ndi ana asanu ndi awiri, chimanga chinatha m'nkhokwe mvula isanagwe, mwana uja sopo ndi yunifolomu ankazisowa, ndipo mwamuna wofunsirayo anabwera ndi matumba awiri a chimanga. Bambo ameneyu amaseka nawo limodzi ndi anzake, chifukwa m'bwalomo sanadzionemo. Waona chidakwa cha pilo m'mimba. Amabwerera kwawo mtima uli m'malo.

Maganizo anga ndi akuti sewero la ufulu wa anthu limene lafika m'mudzi litatha kale, mathero ake atalembedwa mu ofesi ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndi ulaliki umene wangovala zovala za zisudzo. Sewero limene limagwira ntchito ndi lija limene owonera ali ndi mphamvu yoliimitsa, kulowa m'bwalo, kutenga malo a woponderezedwayo n'kuyesa njira yawo anzawo akuona. Mabungwe, makhonsolo ndi onse opereka ndalama akanati amve mfundo imodzi yokhayi, theka la masewero amene amalipirira lero akanasiya kuwalipirira, ndipo theka linalo akanalipatsa nthawi yokwanira.

Ndiyambe ndi mawu akuti ufulu, pakuti vuto linayambira pamenepo. Chichokereni pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, malamulo aakulu a dziko lino ali ndi mutu wathunthu, Mutu 4, wonena za ufulu wachibadwidwe. Koma kafunseni agogo kumudzi kuti ufulu n'chiyani. Ambiri adzakuuzani kuti ndi chinthu chimene chinabwera ndi matipate kudzaononga ana: mwana ukamutuma akukana, ukamulanga akuti akakunenera kupolisi, atsikana akuvala zosayenera. Sindiwaweruza agogowo. Mawuwa anawafikira kuchokera kumwamba, pawailesi, pamapepala omata pamitengo, ndi pakamwa pa anthu amene anakaphunzira kuhotela n'kubwera kudzawauza. Anawamva ngati chilolezo chochita zimene munthu akufuna. Palibe amene anawaonetsa kuti ufulu womwewo ndi mphamvu ya mayi wamasiye yokana kuti asamusasulire malata, ndi mphamvu ya tenanti wa pa esiteti ya fodya yofunsa kuti ngongole imene akumudula inachokera kuti, ndi mphamvu ya agogowo eniake yokana kuthamangitsidwa m'mudzi powanamizira ufiti.

Malamulo tili nawo, ndipo ambiri ndi abwino. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja linabwera mu 2006. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo, ndipo kulanda katundu wa masiye linakusandutsa mlandu woti munthu angapite nawo kundende. Mu 2013 kunabwera lamulo loti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, lomwe limaletsanso miyambo yovulaza. Mu 2015 lamulo la maukwati linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu kuti mpata umene unalipo wokwatitsa mwana wa zaka 15 makolo akavomera utsekeke. Anthu ambiri kumudzi zimenezi anazimvapo. Chimene akusowa si uthenga wina. Kudziwa kuti lamulo lili kumbali yako ndi kwina, kutsegula pakamwa pamaso pa malume a malemu mwamuna wako, tsiku lotsatira maliro, anthu onse akukuyang'ana, ndi kwinanso. Chachiwirichi munthu sachiphunzira pomvera. Amachiphunzira poyeserera, monga momwe kwaya imayeserera Loweruka nyimbo yoimba Lamulungu. Bwalo la zisudzo ndi malo amodzi mwa ochepa pamene mayi angayesere kunena kuti “ayi” kwa mlamu wake, n'kulephera, n'kuyesanso, popanda kutaya nyumba.

Ena amaganiza kuti kulowetsa owonera m'sewero ndi nzeru yobwera ndi azungu. Iwalani zimenezo. Mwana aliyense amene anakulira pamoto wa madzulo akudziwa kuti wonena nthano akati “Padangokhala,” sapitirira mpaka omvera atayankha kuti “Tili tonse,” ndipo akasiya kuyankha nthano yafera pomwepo. Nyimbo ya m'nthano amaimba onse. Amayi pamtondo ankaimba zodandaula za mwamuna waulesi, za apongozi ovuta, za mkazi mnzawo wa pamitala, mokweza kuti mwini nkhani amve ali pakhonde, koma palibe amene akanawazenga mlandu chifukwa inali nyimbo. Gule wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ali ndi zilombo zimene ntchito yake ndi kuonetsa mudzi makhalidwe ake oipa, ndipo amayi oimba ndi kuwomba m'manja ndi mbali ya guleyo, sangokhala owonera. Ngakhale bwalo la milandu la kwa mfumu, likamayenda bwino, aliyense wamkulu amaponyapo mawu. Chachilendo kwa ife ndi sewero lija la pansanja, owonera atakhala chete m'mizere ngati m'kalasi. Limenelo ndiye linabwera ndi sukulu za mishoni.

Komabe munthu amene anaikonza njirayi kukhala luso loti ena aphunzire ndi Augusto Boal wa ku Brazil, ndipo momwe anaipezera muli phunziro limene mabungwe athu sanalimvebe. Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Boal ndi gulu lake la Teatro de Arena la ku São Paulo ankayenda m'midzi ya alimi osauka kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, kuchita masewero olimbikitsa anthu kulimbana ndi eni minda ikuluikulu. Sewero lina linkatha ochita atanyamula mfuti m'mwamba, akuimba zokhetsa magazi chifukwa cha nthaka. Tsiku lina mlimi wina, dzina lake Virgílio, anakhudzidwa kwambiri ndipo anawapempha kuti akatha kudya atenge mfuti zawozo apitire limodzi kukathamangitsa anthu a mwini munda amene analanda malo a mnzawo. Boal anayankha kuti mfutizo n'zoseweretsa. Mlimiyo anati palibe vuto, mfuti zenizeni zilipo zokwanira onse. Apa azisudzowo anachita kuvomera kuti iwo ndi ochita masewero chabe, kuwombera sakudziwa. Mlimi uja anazindikira pomwepo kuti magazi amene ankaimbidwa m'nyimbomo anali a alimi, osati a oimbawo. Boal anafotokoza nkhani imeneyi moyo wake wonse monga tsiku limene anachita manyazi n'kusiya kuuza anthu zochita pa zinthu zimene iye mwini sadzalipira mtengo wake.

Boma la asilikali linamumanga ndi kumuzunza mu 1971, ndipo anathawira kunja. Ali ku Peru mu 1973, pantchito yophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga, ankachita masewero amene owonera ankapereka maganizo, ochita sewero n'kumawayesa. Mayi wina anapereka maganizo ake pa nkhani ya mkazi amene mwamuna wake anamunyenga, koma nthawi iliyonse imene azisudzo ankayesa, mayiyo ankakwiya kuti sizimene akutanthauza. Boal atatopa anamupempha kuti akwere yekha adzaonetse. Anakwera, ndipo zimene anachita panalibe wazisudzo amene akanaziganiza. Kuyambira pamenepo njira inakhazikika motere: gulu limakonza sewero lalifupi la vuto lenileni la anthu a pamalopo, ndipo limathera poipa, woponderezedwa atagonja. Kenaka amalibwerezanso, ndipo aliyense mwa owonera akhoza kufuula kuti liime, n'kulowa m'malo mwa wogonjayo. Amene akusewera mbali ya wopondereza safewa ayi, amalimba monga momwe munthu weniweni angalimbire. Pakati pa bwalo ndi owonera pamakhala munthu mmodzi, tinene kuti mkhalapakati, amene sapereka mayankho, ntchito yake ndi kufunsa: zimene mwaonazi zingathekedi kuno?

Kuno kwathu nzeru yotere inayamba kale, ndipo tisamaiwale. Ku Zambia kunali Chikwakwa Theatre ya pa yunivesite ya ku Lusaka, imene inkatengera masewero kumidzi m'zilankhulo za anthu. Ku Botswana kunali Laedza Batanani kuyambira mu 1974. Ku Zomba, gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, pansi pa aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, linasiya pang'onopang'ono masewero a Chingerezi n'kuyamba a Chichewa opanda cholembedwa, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1980 linagwira ntchito ndi azaumoyo m'midzi ya dera la Liwonde pa nkhani za zitsime, zimbudzi ndi matenda otsekula m'mimba. Wochita sewero ankatembenukira kwa owonera pakati pa mkangano n'kuwafunsa kuti aweruze, ndipo mkangano wa m'sewero unkasanduka mkangano wa mudzi: ndani asamale chitsime, n'chifukwa chiyani komiti inafa, ndani akudya ndalama. Kumbukirani kuti imeneyi inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene lamulo la 1968 linkafuna kuti zisudzo zidutse kaye ku bungwe lopima, nthawi imene mlakatuli Jack Mapanje wa pakoleji pomwepo anatengedwa mu 1987 n'kukhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. M'nyengo yoti munthu sankatha kudandaula poyera, anthu a kumudzi ankapeza mpata wolankhula kudzera m'nkhani ya chitsime. N'zomvetsa chisoni kuti lero, pamene pakamwa pathu palibe chotseka, masewero ambiri ndi otsekeka kuposa a nthawi imeneyo.

Sikuti zonse zinafa. Kampeni ya maphunziro a atsikana ya GABLE m'zaka za m'ma 1990 inkatumiza ophunzira a zisudzo kukagona m'midzi masiku angapo, kumvetsera kaye, asanakonze sewero, ndipo bungwe la CRECCOM la ku Zomba linabadwa kuchokera m'ntchito imeneyo. Bungwe la Theatre for a Change limagwiritsa ntchito njira yolowetsa owonera m'makoleji a aphunzitsi ndiponso pakati pa amayi oyendayenda, mpaka linaitengera pawailesi, omvera n'kumaimba foni kulowa m'malo mwa munthu wa m'sewero. Aluso alipo. Chimene chikuchepa ndi kuleza mtima kwa olipira.

Ndifotokoze zimene ndinaona ndekha m'mudzi wina, pansi pa mtengo wa mango, popanda jenereta kapena sipika. Gulu linali la achinyamata a m'mudzi momwemo ndi midzi yoyandikana. Sewero lawo linali la mphindi khumi zokha. Bambo wamwalira, maliro aikidwa, ndipo m'mawa mwake achibale a mwamuna afika ndi ngolo. Akweza njinga, wailesi, matumba a chimanga, ndipo akufuna mashini osokera amene mayiyo amadyetsera ana. Mayi angogwira kukamwa, ana ali kumbuyo kwake. Ngolo inyamuka. Sewero lathera pomwepo, popanda munthu wa fayilo wodzapulumutsa. Panali chete wolemera, chifukwa aliyense pamenepo ankadziwa nyumba imene zoterezi zinachitikapo.

Atalibwereza, woyamba kuliimitsa anali mnyamata wa sekondale. Anamanga chitenje, anthu n'kuseka pang'ono, ndipo anauza alamuwo kuti akupita kupolisi chifukwa lamulo likuletsa. Wosewera malume sanatekeseke. Anati, “Pitani mayi, ulendo wake ndi wa maola atatu pansi. Mukamabwera mupeza nyumba ili mbee.” Mkhalapakati atafunsa ngati njirayi ingatheke, amayi anapukusa mitu. Wina anati mkazi woferedwa sachoka pakhomo masiku amenewo, akachoka ndiye kuti wadzipalira nkhani ina. Mfundo imeneyi palibe buku la malamulo limene linailemba, koma ndi imene imagamula mlandu.

Wachiwiri anali mayi wachikulire, amene poyamba anakana, anzake n'kumukankha. Iyeyu za lamulo sanatchule. Anapita n'kukhala pamwamba pa bokosi limene linkaimira mashini aja, naitana ana kuti akhale pamiyendo pake, ndipo anatembenukira kwa ankhoswe n'kuwafunsa kuti pamene malemu ankadwala miyezi isanu ndi umodzi, amene akukweza katunduwa anabwerapo kangati ndi phala. Bwalo linawomba m'manja. Koma mnyamata wosewera malume, amene anaphunzitsidwa bwino kusagonja msanga, anadikira phokoso lithe, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Ndiye mwafuna tinene pagulu chimene chinapha m'bale wathu?” Mayi uja anangoti kakasi. Anatsika pabokosi paja yekha.

Pamenepo ndi pamene nkhani yeniyeni inayamba, ndipo inatenga maola awiri. Zinaoneka kuti amayi amasiye sataya katundu chifukwa chosadziwa lamulo. Amamusiya apite chifukwa choopa kunenedwa kuti anapha mwamuna ndi mankhwala kapena anamubweretsera matenda, ndipo mayi amene watchedwa mfiti m'mudzi wa eni, makamaka ngati anali pa chitengwa, watsala yekha. Amasankha kutaya njinga kuti asunge dzina. Wolemba sewero mu ofesi sakanachidziwa chimenechi, ndipo ngakhale akanafunsa ndi pepala la mafunso sakanauzidwa. Chinatuluka chifukwa wopondereza analoledwa kugwiritsa ntchito chida chake chenicheni, ndipo onse anachiona chikugwira ntchito. Atayesa anthu ena atatu, njira imene inaoneka yolimba sinali ya mayi yekha ayi. Inali yoti amayi a mpingo amene amagona pasiwa asabalalike m'mawa, akhale pakhomopo, ndipo katundu awerengedwe pamaso pa nyakwawa anthu asanachoke pamaliro. Nyakwawa, amene anakhala chete nthawi yonseyo, anafunsidwa pamaso pa anthu ake ngati angavomere zimenezo, ndipo anavomera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo tsiku limenelo amene ankamva m'mimba anapatsidwa mpata wofika pachitseko.

Tsono pali zifukwa zomveka zimene anthu ena amakayikira njirayi, ndipo sindikufuna kuzinyalanyaza.

Choyamba ndi cha Virgílio uja. Azisudzo akachoka, mayi amene analankhula molimba m'bwalo amabwerera kunyumba kwa mwamuna yemweyo, m'mudzi wa mfumu yomweyo. Ngati sewero linafanana kwambiri ndi nkhani ya banja lina lodziwika, mawa kuli mlandu, mwinanso zibakera. Ichi ndi choopsa chenicheni, ndipo gulu limene limatenga chinsinsi cha munthu n'kuchiika pabwalo kuti sewero likome lachita nkhanza, ngakhale litakhala ndi cholinga chabwino. Koma yankho lake si kubwerera ku ulaliki. Yankho ndi lakuti ochita sewero akhale anthu a m'deralo, amene adzakumana ndi mayi uja kumjigo mawa, kapena gulu lobwera likhale lobwerabwera, osati la tsiku limodzi. Nkhani isakanizidwe kuchokera m'makomo ambiri kuti pasapezeke woloza chala. Ndipo pakhale pokafikira: wapolisi wa ku Victim Support Unit, wa zosamalira anthu wa kuboma, nambala ya 116 yothandiza ana. Kutsegula bala la munthu pagulu kenaka n'kukwera galimoto ndi tchimo.

Chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Nanga gulu likasankha zoipa? Sitinganame kuti khamu la anthu nthawi zonse limakhala ndi nzeru. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera oyandikana nawo. Abale athu achialubino akhala akusakidwa ngati nyama. Mukachita sewero la agogo onamiziridwa ufiti m'mudzi umene anthu ambiri amakhulupirira kuti agogowo ndi mfitidi, mukafunsa kuti tichite chiyani, mukhoza kumva yankho loti awotchedwe, anthu n'kuwomba m'manja. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi aja amati mkhalapakati asakhale ndi mbali. Mbali ali nayo. Moyo wa agogo suvoteredwa pokweza manja, ndipo lamulo la ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Kusiyana kwa mkhalapakati ndi mlaliki ndi kwakuti iye sakalipira khamu. Amapempha wofuula kwambiri uja kuti alowe, avale mpango wa agogo, akhale pansi pakati pa bwalo, anzake amuzungulire ndi miyala m'manja, ndipo ayese kudziteteza. Ndi umboni wanji umene angapereke woti si mfiti? Palibe. Munthu akazimva yekha m'thupi kuti mlandu umenewu ulibe potulukira, amakhala atamva chinthu chimene chikwangwani sichingamuuze. Luso lotere silibwera ndi maphunziro a masiku atatu. Mkhalapakati wosaphunzitsidwa bwino ndi woopsa kuposa kusachita sewero n'komwe, ndipo ndalama zambiri zimayenera kupita pa kuphunzitsa munthu ameneyu, osati pa masipika.

Za nthabwala ndingonena mwachidule. Amalawi timakonda kuseka, ndipo Izeki ndi Jakobo kapena a Kwathu Drama Group anatiphunzitsa kuti choonadi chowawa chimalowa bwino ndi phwete. Vuto limabwera pamene tikuseka womenyedwa m'malo moseka womenya, kapena pamene woipa tamupanga chitsiru choti palibe angadzifanizire nacho.

Pali chinthu china chimene ngakhale magulu abwino amachiphonya. Kukambirana kumene kulibe woyankha kumatopetsa anthu. Mudzi ukhoza kuchita masewero khumi onena za mankhwala osowa kuchipatala, za mayina ochotsedwa pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo kapena wa Mtukula Pakhomo, za mlatho wa ndalama za CDF umene unathera pa maziko, koma ngati khansala, wa kukhonsolo ndi mkulu wa chipatala sakhalapo, anthu amangobwerera ndi mkwiyo wawo atautenthetsa. Ndipo akakhalapo asakhale monga mlendo wolemekezeka amene amalankhula pomaliza n'kuthokoza achinyamata chifukwa cha sewero lokoma. Akhale monga munthu amene afunsidwe, ndipo zimene walonjeza zilembedwe, tsiku lobwerera kudzaona litchulidwe. Boal anafika nazo patali zimenezi. Anasankhidwa kukhala khansala wa mzinda wa Rio de Janeiro kuyambira 1993 mpaka 1996, ndipo magulu ake ankachita masewero m'madera osauka, maganizo otuluka m'bwalo n'kumalembedwa ndi odziwa malamulo kukhala mabilu. Malamulo 13 a mzindawo anabadwa motero. Kuno tili kale ndi makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, tili ndi malamulo a m'midzi amene mafumu amakhazikitsa. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inaonetsa dziko lonse kuti mfumu ikatsimikiza mtima maukwati a ana mazanamazana amatha. Chimene chimapangitsa lamulo la m'mudzi kukhala lamoyo ndi chakuti anthu analikangana okha lisanakhazikitsidwe, ndipo bwalo la sewero ndi malo abwino okanganirapo.

Amene akuganiza kuti zonsezi ndi masewera a ana akafunse ku Kenya. M'mudzi wa Kamiriithu, pafupi ndi Limuru, alimi ndi ogwira ntchito m'mafakitale anamanga okha bwalo la zisudzo la anthu pafupifupi 2,000, nakonza sewero m'Chikikuyu pamodzi ndi alembi Ngugi wa Thiong'o ndi Ngugi wa Mirii, akumasintha mawu ndi nyimbo poyeserera pamaso pa mudzi wonse. Boma linaletsa seweroli mu Novembala 1977, ndipo kumapeto kwa Disembala Ngugi wa Thiong'o anatsekeredwa kundende ya Kamiti chaka chathunthu osazengedwa mlandu. Mu Malichi 1982 apolisi anabwera n'kugwetsa bwalo lonselo. Mabuku ake a Chingerezi, amene ankadzudzulanso boma, sanamutsekeretse. Chimene olamulira anachiopa ndi anthu wamba akuyeserera kulankhula za nthaka ndi malipiro awo m'chilankhulo chawo.

N'chifukwa chiyani tsono masewero otsekeka ndi amene achuluka? Chifukwa ndi osavuta kuwerenga. Lipoti la pulojekiti limafuna chiwerengero cha anthu amene afikiridwa, amuna angati, akazi angati, ndipo galimoto imene yayenda misika itatu patsiku imabweretsa manambala okoma kuposa gulu limene lakhala sabata yathunthu m'mudzi umodzi. Sewero lotseguka lilinso ndi vuto lina kwa olipira: likhoza kutulutsa nkhani imene sinali m'pulani. Mwabwera ndi ndalama za maukwati a ana, anthu akukuuzani za njala ndi za mphunzitsi amene akuchimwitsa atsikana. Bungwe loona mtima limayenera kukondwera zikatero, chifukwa lauzidwa pamene pali muzu. Ndipo ndalama zimene zimathera pa mafuta a galimoto, ma alawansi a ochokera kutauni ndi matisheti zikhoza kusunga gulu la achinyamata a m'deralo chaka chonse, likuchita sewero limodzi mwezi uliwonse, likubwerera kukafunsa ngati nyakwawa anasunga lonjezo lake.

Ndimaganizabe za bambo uja wa pamsika, amene anakwatitsa mwana wake n'kuseka nawo sewero. Ndikufuna tsiku lina sewero lidzamuonetse monga alili: munthu wosaledzera, wokonda ana ake, atakhala pakhonde usiku nkhokwe ili pululu, matumba awiri a chimanga ali pakhomo. Lidzaime pomwepo. Mwana wake wina wamkazi, kapena mnzake wa mwanayo, adzalowe n'kumuuza zimene sanathe kumuuza kunyumba. Iyenso adzaimirire, adzafunse pamaso pa onse kuti akabweza matumbawo ana asanu ndi mmodzi otsalawo adya chiyani mpaka Malichi. Ndipo mfumu, khansala, mphunzitsi wamkulu ndi mkulu wa bungwe uja wa fayilo adzakhale pamipando yawo ya pulasitiki, galimoto itazimitsidwa, mpaka funsolo litayankhidwa.